Kanema Amene Anandilanda Unkhoswe

Mawu anga amawoloka Shire. Sindikudzitama, kafunseni aliyense wa padooko lathu kumtunda kwa Makhanga. Ndikaima pagombe n'kuitana munthu amene ali m'kati mwa dambo, amatukula mutu. Sukulu ndinangolawako, choncho zilembo zanga zikapindika musadabwe, koma pakamwa panalibe wondiposa m'mudzi monse. N'chifukwa chake kumtundu kwathu unkhoswe unali wanga. Mwana wa mlongo wanga aliyense akafuna banja, wokaonekera kwa eni mbeta ndinali ine. Banja likagwedezeka, mwamuna ndi mkazi ankabwera kudzakhala pakhonde panga, ndipo ankachoka akuyenda njira imodzi.

Chaka chimene madzi anasefukira kwambiri, dimba langa lonse linakwiririka ndi mchenga. Koma nyumba yanga ndi ya njerwa zootcha, ya malata, ili pamtunda, ndipo sinagwe. Mabwato anga sanapite. Ndine ndinkapalasa kukatsitsa anthu m'mitengo, amayi ndi mbuzi zawo zomwe, mpaka manja anachita matuza. Ndikulemba zimenezi kuti mudziwe munthu amene ndinali madzi ataphwa.

Ndiye kunabwera galimoto ya anthu ojambula kanema. Mkulu wawo anali mnyamata wa ku Blantyre, wandevu zosapesa, amene anati anakaphunzira ntchitoyo ku Italy. Anandipeza padooko ndikukalipira anyamata ong'amba ukonde, ndipo anangoima n'kumandiyang'ana ngati akufuna kugula ng'ombe.

"Madala, nkhope yanuyi ndaifunafuna kuchokera ku Chikwawa," anatero.

"Waipeza. Ukufuna uipange chiyani?"

Anatikhazika pansi pa mtengo wa mango masana omwewo, natsegula laputopu. Anati tione kaye mtundu wa kanema amene akufuna kupanga. Anali makanema akalekale, opanda mtundu, akuda ndi oyera basi. Anatifotokozera kuti nkhondo yaikulu itatha, dziko la Italy linali bwinja, ndipo ojambula a kumeneko analeka kulemba ntchito akatswiri a zisudzo. Ankangotola anthu wamba mumsewu, n'kuwajambula m'makwalala awo enieni, ndi njala yawo yeniyeni.

Ndinadabwa, sindibisa. Ndinali ndisanaonepo mzungu wa chigamba pathako. Azungu akulimbirana ntchito, azungu pamzere wa chakudya, nyumba zogumuka ngati zathu zomwe. Koma chimene chinandikomera n'chakuti anthu aja sankakhala chete. Ankakalipa. Manja m'mwamba, mitsempha ya pakhosi ili gwa, mkazi akulalatira mwamuna pawindo, mwamuna akubweza ali mumsewu. Chiyankhulo chawo sindinamve ngakhale liwu limodzi, koma ndinati mumtima, awa ndi abale anga. Osauka, inde, koma pakamwa sanagulitse.

"Nkhondo yanu kuno ndi madzi," anatero mnyamata uja. "Ndikufuna dziko lione zimene madzi anasiya. Simuchita kuloweza mawu, mungokhala mmene mulili."

Ndinavomera. Ndinati ngati n'kukhala mmene ndilili, ntchito imeneyo ndimaidziwa. Ndinali ndi zambiri zoti ndinene: za mlatho umene anatilonjeza, za mbewu zimene zimafika mvula itatha, za anthu ovala nsapato zoyera amene amabwera kudzatiwerenga n'kubwerera. Ndinauza mkazi wanga kuti andisitire jekete.

M'mawa mwake jekete anandivula. Nsapato anandivula. Anandibwerekera malaya a munthu wina, ong'ambika paphewa, onunkha utsi wa nsomba. Nyumba yanga anaiyang'ana kamodzi n'kuti malata akuwala kwambiri, ndiye anatitengera pa nyumba ya mnansi wathu imene inagwa mbali imodzi. Anauza mkazi wanga kuti avule mpango wake watsopano. Anatipatsa nyika, zija timakumba m'dambo chaka cha njala, kuti tizidya tili pansi. Nyika ndinadyapo m'moyo wanga, sindikana, ndani kuno sanadyepo? Koma chaka chimenecho kwathu kunali mapira a chaka chatha m'nkhokwe.

Kenaka anasonkhanitsa anthu pamzere ngati tsiku logawa ufa. Ine anandiuza ndiyende pang'onopang'ono kuchokera padooko, beseni m'manja, ndikafika kutsogolo ufa ukhale watha, ndigwade, nditambasule beseni.

Nditafika kutsogolo kuja ndinatsegula pakamwa. Ndinayamba ndi za mlatho.

"Imani, imani. Madala, musayankhule."

"Bwanji?"

"Nkhope yanu ikuyankhula kale. Mungoyang'ana pansi."

"Iwe, azungu ako aja ankayang'ana pansi? Si ankakalipa aja?"

Anaseka, ndi anzake omwe anaseka. "Aja ndi Ataliyana, ndi mmene amayankhulira kwawo. Koma anthu akunja akaona inu mukukalipa chonchi, ndi mawu amphamvu chonchi, saganiza kuti mwavutika."

Ndiye kuti mzungu akasauka amaloledwa kukwiya, koma ine ndikasauka ndiziyang'ana pansi. Ndinamuuza zimenezo pamaso pa anthu onse. Iye anandigwira paphewa nati tijambule kaye yachete, ya mawu tijambula mawa. Tinabwereza kugwada kuja mpaka maondo anachita dothi. Mawa lake anati dzuwa silili bwino. Mkuja wake galimoto inapita.

Ine ndinaiwala. Ndinabwerera ku mabwato anga, tinafukula dimba, tinabzala mbatata.

Kanema uja sanabwere naye kuti tidzaone. Anafika yekha, zidutswazidutswa, m'mafoni a anyamata. Chidutswa chimene chinayenda kwambiri ndi chija cha beseni. Chinafika ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula, ndipo mwini vidiyo sho wa pamsika ankachiika asanayambe makanema ake a nkhonya. A kabaza anayamba kundiitana kuti agogo a beseni. Ndinkawabweza ndi mawu oti sangalembedwe pano, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Koma mphwanga, mwana wotsiriza wa mlongo wanga, anali atapeza mbeta kumunsi kwa Bangula. Mnyamata wabwino, wodula nzimbe, wosamwa. Mtsikanayo anali wa banja la Chisena, makolo ake anachokera ku Mozambique kalekale. Tsono kwathu kuno mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, koma kwa anzathuwa mkazi ndiye amatengedwa kupita kwa mwamuna. Choncho iwo asanapereke mwana amayang'anitsitsa khomo limene akupita: kodi kumeneko amadya? Kodi akulu ake ndi anthu otani?

Ndinavala jekete, tinawoloka, ine ndi mphwanga ndi mng'ono wanga amene amangondiperekeza pa nkhani zotere. Anatilandira bwino, anatiyalira mphasa pamthunzi. Woyankhula wa mbali yawo anali bambo wamkulu wa mtsikanayo, nkhalamba yowonda, yoyankhula motsitsa. Ndinayamba monga ndimayambira, kunena kumene tachokera ndi chimene chatiyendetsa. Ndili pakati, ndinaona amayi akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Foni inayenda m'manja m'manja mpaka inafika kwa mkulu uja. Anayang'ana foni, anayang'ana ine.

"Baba, awa si inu?"

"Ndine. Linali sewero limenelo."

"Sewero timalidziwa," anatero. "Ana a sukulu amachita. Amapaka ufa kumutu, amamata ndevu za thonje, aliyense amaona kuti ndi mwana wa uje. Apa ufa uli kuti? Dooko ili si lanu?"

"Ndi lathu."

"Mayi akudya nyikawa?"

"Ndi akunyumba kwanga. Koma nyumbayo si yanga, malayawo si anga."

"Ndiye munavula zanu n'kuvala za wina kuti mukapemphe?"

Ndinawauza za mabwato, za anthu amene ndinawatsitsa m'mitengo, ndinati atume munthu akaone nkhokwe yanga. Mawu anga anakwera mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Mkulu uja anangodikira kuti ndimalize.

Mphwanga ndiye anaganiza nzeru. Nambala ya wojambula uja anali nayo. Anati, "Amalume, tiyeni timuimbire, anene yekha kuti zinali zochita kukonza." Anaimba, anakweza mawu a foni kuti onse amve, naiika pakati pa mphasa. Anamufotokozera mwaulemu kuti pano pali akuluakulu amene akufuna kudziwa ngati zili mu kanema zija n'zoona kapena zopeka.

Mnyamata wa ku Blantyre uja anasangalala kumva kuti kanema wake wafika mpaka kumudzi. Sanafunse n'komwe kuti akuluakuluwo ndi ndani.

"Auzeni kuti mulibe chopeka m'menemo," anatero. "Sitinatenge wa zisudzo ngakhale mmodzi. Ndi anthu enieni, pamalo pawo penipeni, moyo wawo weniweni. Kunja anthu analira ataona madala aja atagwada. Chimene chija sungachiphunzitse munthu."

Ndinalanda foni. "Iwe, jekete yanga unandivula kapena sunandivule?"

"Aa, madala, muli bwanji? Jekete ndi nkhani yaing'ono. Chimene tinaonetsa ndi choonadi cha chigwa chonse, osati cha munthu mmodzi."

"Chigwa chonse chinagwada, kapena ndinagwada ndine?"

Anati akulowa mu msonkhano, aimbanso. Foni inaduka.

Mkulu uja anabweza foni ya amayi ija kwa eni ake, napukuta manja pa maondo.

"Mwamva nokha, baba. Ngati n'zoona, mwana wathu akadya nyika. Ngati n'zabodza, nkhoswe yake ndi munthu amene amagwada pa bodza akauzidwa. Mawa banja likavuta, tidzakhulupirira mawu ati? Nkhabe, ayi. Mnyamatayu tilibe naye chifukwa. Koma mubwere ndi pakamwa pena."

Tinakwera bwato kubwerera kwathu. Mphwanga ankapalasa akuyang'ana madzi.

Mlongo wanga anabwera kwathu patapita masiku. Ndi mkazi amene ndinamubereka kumsana ali khanda, amene ana ake onse ndinawaimira. Sanalowe m'nyumba, anakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula.

"Achimwene, mwanayu wasiya kudya."

"Ndiye?"

"Akuti akapite ang'ono anu."

"Amene uja? Amene akati ayankhule pamaliro anthu amachita kufunsana kuti wati chiyani?"

"Omwewo. Iwo sali mufoni."

Ndinamufunsa ngati waiwala amene anamutsitsa pa denga la tchalitchi madzi atafika m'khosi. Anati sanaiwale. Anati ngakhale anthu a kumunsi aja akudziwa tsopano kuti nyumba yanga ndi ya malata, anatuma munthu mwakachetechete, anaona. Koma anati mtsikana sangamayende pamsika anthu akumuloza kuti ankhoswe ake ndi agogo a beseni. Ndikanatha kukana. Ndine mwini mbumba, popanda ine kuvomera nkhani ikanaima pomwepo, ndipo mlongo wanga ankadziwa zimenezo. Ndinayang'ana kumsewu, ndinaona mphwanga ataima patali pafupi ndi mjigo, akuopa kufika.

"Kamuuze mng'ono wangayo abwere adzatenge jekete," ndinatero. "Yake ija ndi yothina m'khwapa."

Ndimamva kuti azungu aja a m'makanema akale, ena mwa iwo anabwerera ku ntchito zawo kanema atatha. Mnyamata wa ku Blantyre uja ndiye anatiuza choncho pansi pa mango, akunena ngati chinthu chokoma. Sanatiuze kuti anansi awo ankawayang'ana bwanji pambuyo pake, kapena ngati ana awo anakwatiwa bwino. Mwina sanafunse. Iye anaphunzira kumene kamera imaima, dzuwa likhale mbali iti, munthu ayende liwiro lotani. Za kumene munthuyo amapita kamera ikazima, ku Italy kuja sanamuphunzitse. Sanaimbenso.

Ukwati unachitika nyengo ya thonje. Mng'ono wanga anayankhula, ine ndinali pa benchi ya alendo pamodzi ndi anthu a kumpingo, ndipo zimene ananena sindinazimve, chifukwa mawu ake safika ngakhale mzere wachitatu. Mtsikana ndi wabwino, amandipatsa moni atagwada, amanditumizira ndiwo. Mwezi wathawu anakangana ndi mwamuna wake pa nkhani ya kupita kwawo kukaona mayi ake odwala. Ndinali pakhonde ndikusoka ukonde pamene anatulukira, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo, nkhope zili zolimba. Ndinasuntha ukonde kuti papezeke pokhala. Anandipatsa moni onse awiri, mwaulemu ndithu, n'kupitirira kunka kwa mng'ono wanga.