Mayi Amene Ankamata Matepi pa Mawaya

Ngati munalepherapo mayeso, sendezani mpando mumve izi. Inenso ndinalepherapo, choncho sindikukulalikirani ndili pamwamba.

Mayi wina wa mwana mmodzi analephera kawiri mayeso a ntchito yolumikiza intaneti. Kachiwiriko anafika pakhomo maso ali psuu. Azakhali ake, amene ankamusunga, anamuyang'ana mwachisoni.

"Mwanawe, zamawayazi zakukana. Zala uli nazo zabwino, bwanji osakaphunzira kuluka tsitsi?"

Mawuwo anamupweteka kwambiri chifukwa sananenedwe mwachipongwe. Analira mpaka mutu kuwawa.

Patapita miyezi anapeza malo pakampani yaing'ono yopereka intaneti m'maofesi, m'masukulu ndi kuchipatala china. Sanamulembe ngati katswiri ayi. Ntchito yake inali kusesa, kupukuta fumbi m'chipinda cha makina ndi kugwirira anzake makwerero.

Chipindacho chinali chozizira, makina akung'ung'uza, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Kuseri kwa makabati mawaya anali piringupiringu. Akatswiri aja anali ndi chizolowezi chimodzi choipa: akalumikiza waya sankalemba kumene wapita. Ukafunsa, ankaloza chipumi n'kunena kuti zonse zili umu.

Iye ankafunsabe. "Achimwene, ameneyu akupita kuti?" Akamuyankha, ankadula katepi koyera, kulembapo, n'kumata mbali zonse ziwiri za wayayo. Posakhalitsa anamupatsa dzina loti aNamatepi. Ankaseka nawo, koma sanasiye. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Zaka zitatu zinatha chomwecho, kenaka mliri unagwa.

Misewu inati zii. Ana ankaphunzirira pa foni, antchito ankagwirira m'nyumba, ndipo intaneti ikangodukiza pang'ono anthu ankadandaula ngati kwatha madzi. Koma maofesi ambiri atatseka, abwana anaganiza zochepetsa antchito. Anamuitana mayiyu, onse atavala masiki, atakhala motalikirana.

"Mwezi ukatha, amene alibe mapepala tiwaimitsa. Pepani, dzina lanu lilipo."

Kutatsala masiku asanu kuti mwezi uthe, Lachinayi m'mawa, foni yake inalira. Anali injiniya wamkulu, amene sankaloledwa kutuluka m'nyumba chifukwa akazi ake anali atagonekedwa kuchipatala chija ndi matendawa. Ankakonza makina ali kwawo, kudzera pa intaneti yomweyo. Tsikulo analakwitsa mzere umodzi, makinawo n'kutseka njira imene iye ankawafikira. Chipatala nacho chinaduka. Zotsatira za oyezedwa sizinkafika, ndipo odwala amene sankaloledwa kuzondedwa analibenso njira yoonerana ndi abale awo.

"Achemwali, ndadzitsekera kunja ndekha," anatero. "Inu ndi amene muli pafupi. Zomwe ndasinthazo sindinazisunge, ndiye mukazimitsa makinawo n'kuwayatsanso, zibwerera mwakale. Koma m'kabati yachitatu muli asanu ndi limodzi ofanana, ndipo ndaiwala kuti ndi ati. Mukazimitsa olakwika, tidula ndi mafoni oitanira ambulansi omwe."

"Ndi achiwiri kuchokera pansi. Munawasuntha chaka chatha denga litadontha."



"Mukutsimikiza?"

"Ndikawerenge kaye tepi. Mutu wanganso umanama."

Anasiya mwana ndi azakhali, kuvala masiki, n'kuyenda pansi mphindi makumi awiri. Atafika anasamba m'manja, kutsegula kabati, kutsatira waya ndi chala mpaka pamene panali zolemba zake: chipatala. Anayang'ananso mbali inayo, zinagwirizana. Mantha anali nawo, tisanamizane, koma sanapupulume. Anazimitsa, kuwerenga mpaka makumi atatu, n'kuyatsa.

Mphindi zinayi zinadutsa iye ali chilili. Kenaka timagetsi tinayamba kuphethira kamodzikamodzi mpaka tonse.

Masana injiniya uja anaimbanso, ulendo uno akulankhula motsitsa. "Akazi anga andiimbira pa vidiyo. Akuti lero adya. Zikomo, achemwali."

Bambo ameneyu ndimamulemekeza pa chinthu chimodzi: sanabise. Anauza abwana kuti wolakwitsa anali iye, ndipo anatchula amene anakonza.

Tsiku lomaliza la mwezi abwana anaitananso mayi uja. Analowa atakonzeka kutsanzika.

"Dzina lanu ndalifufuta pamndandanda uja. Akatswiri athu onse ali m'nyumba, ndiye chipinda cha makina chikhala m'manja mwanu. Pali chimene mungafune?"

"Chilipo, bwana. A injiniya azindiphunzitsa pa foni ola limodzi tsiku lililonse. Kuzimitsa ndi kuyatsa ndadziwa, koma ndikufuna kudziwa chimene chinalakwika."

Miyezi yonse imene mliri unavuta, ndi iye amene ankatsegula chipindacho m'mawa uliwonse, ndipo chipatala sichinadukenso kuposa mphindi zochepa. Lero ali ndi gulu lake la anthu asanu, ndipo akatswiri ena akasokonezeka amaimbira iye.

Mwina inunso muli pamalo pamene palibe amene akukuwerengerani. Zimawawa, ndikudziwa. Koma kantchito kali m'manja mwanuko kagwireni bwino, muzifunsa ngakhale akusekeni, ndipo mawa mudzukenso mupite. Osataya mtima, abale anga, simudziwa tsiku limene foni idzalire.