Mkamwini wa Thawulo Kumutu

Utsi wa nsomba zowamba ukangondilowa m'mphuno, ngakhale ndili pa depoti m'tauni, ndimaona agogo anga aNankhoma atawerama pa uvuni wawo kuseri kwa nyumba ku Senga Bay, akutembenuza utaka pa waya ndi zala zosaopa moto, misozi ya utsi ikuyenderera m'masaya, kwinaku akukalipira nkhuku, agalu ndi ine pakamodzi. Anandilera ndi iwowo. Bambo anga atamwalira, amayi anapita ku Joni kukafuna ntchito ine ndili sitandade wani, ndipo kumeneko anakwatiwanso ndi bambo Yohane a ku Dedza, munthu amene agogo anali asanamuonepo ndipo sankafuna n'kumva dzina lake komwe.

"Mkamwini wanji wosadziwa pamene pali khomo la apongozi ake?" ankatero. "Wangonditolera mwana ngati nkhuni."

Maso a agogo anali atayamba kuchita ng'ala. Utaka ankaudziwa kuti wapsa ndi fungo basi, ndipo ulusi pa singano ndinkawalowetsera ndine. Sankadandaula, koma tsiku lina pa mjigo ndinawamva akuuza mnzawo kuti chowawawa n'chimodzi chokha: mdima uwapeza asanaonenso nkhope ya mwana wawo. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa inenso nkhope ya amayi inali itayamba kundithawa.

Ndiye kunabwera uthenga woti amayi abereka mwana wamwamuna. Anti Esinati, oyandikana nafe nyumba, ankachapa zovala pa loji ina m'mbali mwa nyanja, ndipo anali ndi foni yaikulu yongokhudza ndi chala. Anatiuza kuti pa lojipo aika wayifayi, intaneti yoyenda mumphepo, ndipo abwana amalola antchito kuigwiritsa ntchito. Ukakhala kuseri kwa mpanda, pafupi ndi poyanika zovala, umatha kulankhula ndi munthu wa ku Joni mukuonana nkhope.

"Iwe Esinati, usandinamize ine munthu wamkulu," anatero agogo. Koma Lamulungu lake, titaweruka ku tchalitchi, anasambanso kachiwiri kuti achotse fungo la utsi, kuopa kuti foniyo inganunkhize, navala chitenje chawo chosungira maulendo.

Tinakhala pa mchenga wotentha kuseri kwa mpanda. Foni inaitana, galasi linachita mbuu, kenaka panatulukira nkhope ya mwamuna wandevu, akumwetulira.

"Ameneyo ndiye ndani?" anafunsa agogo, akutsinzinira.

"Ndi bambo Yohane, akamwini anu," anayankha anti Esinati.

Mayo ine! Agogo anadzambatuka ngati aponda khala la moto, napereka msana ku foni, nagwada, chitenje chili kumaso. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana pamaso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Nanga apa tchire lake liti? Nawo bambo Yohane, atazindikira kuti apenya apongozi m'maso, anagwetsa mkono, ife n'kungotsala tikuona denga la malata ndi babu.

Moni anapatsana choncho, agogo akulankhula ndi mpanda, bambo Yohane akuyankhira kudenga. "Mwaswera bwanji kumeneko?" "Taswera bwino, kaya inu amayi?" Chapansipansi ndinkamva mawu a amayi anga ndi kulira kwa khanda. Amayi anali chigonere, ofooka, manja ali pa mwana, moti foni sakanatha kuigwira okha, ndipo bambo Yohane akati aikweze, nkhope yawo inkalowamonso. M'chipwirikiti chimenecho palibe anakumbukira kuti foni ili ndi diso lina kumsana.

"Anthu inu, batire ikutha!" anakuwa anti Esinati.

Ine ndinaiwala za ulemu, ndinalira mokweza: "Ine ndikufuna amayi anga! Denga ndilitani ine?"

Kunamveka kugubuduka kwa zinthu, galasi linagwedezeka, kenaka tinaona zoti sindidzaiwala. Bambo Yohane anali atadzifunditsa thawulo la mwana kumutu, lachikasu, la timaluwa, mpaka pachifuwa, mkono atautambasula. Pambali pawo panali amayi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Agogo, tembenukani, abisala!" ndinatero ndikuwakoka mkono.

Anasuzumira kaye ndi diso limodzi. Kenaka analanda foni ija, naiyandikiza mpaka mphuno kukhudza galasi.

"Rozina, ndiwe? Koma masayawo wanenepatu! Tandionetsa mwamuna wangayo." Amanena khandalo, monga amachitira agogo pocheza ndi mdzukulu wamwamuna.

Anayang'ana, nayang'anabe, mpaka foni inazima yokha. Ine amayi ndinangowaonera pamwamba pa phewa la agogo, koma zinandikwana. Titabwerera kunyumba, tili pakhomo, agogo anangoti, "Koma ujeni uja analeredwa."

Amayi anadzabwera kumudzi ine ndili ku sekondale, maso a agogo atatsekekeratu. Agogo anawapapasa nkhope nati, "Usalire, ndinakuona kale pa foni ya Esinati paja." Bambo Yohane anali atagwada patali, kuseri kwa uvuni, utsi ukuwatsokomoletsa.

"Auzeni asendere," anatero agogo. "Ine sindionanso, ndipo ulemu wawo anandipatsa kale. Thawulo lija abwera nalo?"

Anali atabwera nalo. Agogo analitenga, ndipo ankalitsamira mpaka tsiku limene anatisiya.

Lero ndimakonza mafoni pa Salima. Akabwera gogo wina kuti ndimulumikize ndi mwana wake wakutali, ndimayamba ndafunsa kuti kumeneko foni agwira ndani, kenaka ndimawauza za diso lakumsana lija. Thawulo lachikasu lili m'chikwama changa cha zovala. Timaluwa tija tinafufuta, koma utsi wa utaka sunachokemo, ndipo sindifuna kulichapa.