Atsikana Atatu Ofunditsidwa Nsalu

Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta aja otikitira mawondo, oluma m'mphuno ngati masamba a bulugamu, malovu amadzaza m'kamwa ndipo ndimafuna polavulira. Linali fungo la mkamwini wathu. Mkamwini! Munthu woti akanabadwira kwathu kuno akanavinidwa limodzi ndi malemu bambo anga.

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu pa Nathenje, kumene ndinapita chitengwa, koma kwathu ndi ku Mitundu. Nkhalamba yachizungu imene inadzakhala mkamwini wathuyo inkachita lendi esiteti ya fodya kuseri kwa Mitundu, njira ya ku Malingunde, ndipo ikamachokera kokaonetsa miyendo yake kuchipatala ku Nkhoma inkaimitsa galimoto pabenchi langa. Yokha sinkatsika. Amene ankatsika anali mayi wochepa thupi, watsitsi lalitali lakuda bii. Tonse tinkati ndi Mtchaina, ndipo tinkati ndi nesi wake kapena mwana wopeza. Anatiuza yekha, ndi Chichewa chake chodukaduka, kuti kwawo ndi ku Filipinzi, ndipo agogo ali m'galimotowo ndi amuna ake.

Mnzanga wogulitsa kabichi anaseka mpaka kugwira nthiti. Mayiyo sanakwiye. Anatulutsa foni n'kutionetsa nyumba ya njerwa yosamaliza, nkhuku zikupalasa pabwalo ngati kwathu konkuno, amayi ake opanda mano atakhala pakhonde. Analoza denga la malata pachithunzipo, kenako analoza galimoto. Anationetsanso mlongo wake atavala yunifolomu ya sukulu, n'kulozanso galimoto. Tonse tinamva, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Tsiku limenelo ndinamuikira basela wa tomato wodzaza manja awiri.

Ndinamuona akutha thupi chaka ndi chaka. Akachedwa posankha anyezi, nkhalamba ija inkaliza hutala, iye n'kuthamanga ngati mwana woitanidwa ndi aphunzitsi. Kenako anasiya kubwera. Kapitawo wa paesitetipo ndiye anandiuza kuti bwana wamubweza kwawo chifukwa wayamba kudwaladwala, sakuthanso kumudzutsa m'bafa. “Wakalamba,” anatero kapitawoyo. Wakalamba! Mkazi woti ine ndikanamubereka kumsana. Asa!

Achimwene anga, alongo anga aakulu, ndiwo eni mbumba kwathu. Mwana aliyense wobadwa kwa ife alongo awo sakwatiwa popanda mawu awo. Iwowo ankagulitsa udzu ndi mitengo ya zigafa zoumitsira fodya paesiteti pomwepo, ndiye atamva kuti bwana akufuna mkazi wa konkuno, sanakhalire pansi. Mkulu wanga malemu anasiya mwana wamkazi amene ndinamulera ine kuyambira akukwawa. Anali atangokwanitsa zaka makumi awiri, sukulu italekezera panjira chifukwa cha fizi, ndipo anali atabwerera kwathu ku Mitundu. Ameneyo ndiye achimwene anakamutchula.

Nditamva ndinakwera kabaza wanjinga yamoto, fumbi lili koboo, mpaka ku Mitundu.

“Achimwene, munthu uja mwamuona bwino? Mano amachita kuvula n'kuika m'kapu.”

“Tidya mano, mlongo? Taona denga ili. Mvula ikabwera timakhala chiimire ndi mabeseni. Ndipo mwanayo palibe wamukakamiza, wavomera yekha.”

Ndinamutengera mwanayo kuseri kwa nkhokwe n'kumufunsa ngati zinali zoona. Anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi.

“Amayi aang'ono, anyamata a msinkhu wanga ali ndi chiyani? Amangopereka mimba n'kuthawira ku Joni. Uyu bola, ngakhale atafuna kundimenya andimenya ndi chiyani, dzanja lake longonjenjemera lija?”

Ndinamusiya pankhokwe pomwepo n'kubwerera ku Nathenje.

Achimwene anaumirira kuti pachitike chinkhoswe chenicheni, kuopa kuti anthu angati agulitsa mwana. Koma nkhalambayo inalibe mbale ndi mmodzi yemwe m'dziko muno. Ndiye anatani? Anaveka kapitawo uja suti ya bwana, manja a jekete akulendewera, n'kumutcha nkhoswe ya kuchimuna. Abale inu, nkhoswe ndi munthu wokamulirira banja likavuta, woti akhoza kukhazika mwamuna pansi n'kumudzudzula. Nanga nkhoswe yolandira malipiro kwa mwamuna yemweyo idzadzudzula ndani? Achibale a kuchimuna anali matenanti a paesiteti, atawathira m'ngolo ya thirakitala ngati mabelo. Nthungululu ankaimba zamphamvu ndithu, poti anali atawalonjeza mpunga ndi nyama.

Pachinkhoswe kwathu mkwatibwi satuluka yekha. Amatuluka ndi anzake, onse atafunditsidwa nsalu kuyambira kumutu mpaka m'miyendo, ndipo mwamuna amayenera kuloza wake n'kumuvundukula. Akaphonya amalipira, anthu n'kuseka. Ndi masewera chabe, chifukwa mtsikana aliyense wanzeru amanong'onezeratu bwenzi lake chizindikiro. Ine nthawi yanga ndinawauza malemu amuna anga kuti ndidzagwedeza chala chachikulu cha kuphazi, ndipo anandipeza osachedwa.

Tsiku limenelo tinafunditsa atatu. Woyamba anali mkwatibwi. Wachiwiri anali mwana wanga wobala ndekha, amene anali Folomu 4, poti msinkhu wawo unali wofanana. Wachitatu anali mtsikana wamasiye wa mbumba yathu yomweyi, amene ankakhala pakhomo pa achimwene n'kumawatungira madzi. Azimayi tinaseka kuti za kufunditsa akuchimuna tingozisiya, poti miyendo yofiira yotupa ija ngakhale wakhungu akanaizindikira.

Atsikana aja anaima pamzere pamphasa. Nkhalamba inadzuka, kapitawo ataigwira kukhwapa, ndodo kudzanja linalo, fungo lija lili patsogolo. Inayenda pang'onopang'ono, anthu akuimba. Inaima pang'ono pa woyamba, n'kupitirira. Inafika pa wachiwiri, vundukulu! Anali mwana wanga.

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. “Waphonya! Alipire! Alipire!” Mwamuna wina aliyense akanachita manyazi n'kubwezera nsalu msanga. Iyi ayi. Inamugwira mwana wanga kuchibwano n'kutembenuzira nkhope yake kudzuwa, uku ndi uku, mmene amachitira ogula mbuzi pamsika wa Mitundu. Inalankhula m'Chingerezi, ndipo kapitawo anamasulira mano ali pamtunda: “Bwana akuti nayenso ndi wabwino!”

Nthungululu! Nthungululu zenizeni, zochokera pakamwa pa azimayi obereka, ena a iwo amvano anzanga. Nkhalamba inapisa m'thumba n'kumwaza ndalama pamphasa, achimwene ali chokwawa kutolera m'lichero, thukuta lili kamukamu. Mwana wanga anapukuta chibwano chake ndi m'mphepete mwa nsalu, n'kupukutanso. Ine ndinapita kuseri kwa khola n'kulavula mpaka kukhosi kuuma, ndipo nkhuku ya ankhoswe itazungulira sindinailawe.

Mvula isanagwe, nyumba ya achimwene inali itavala malata. Kenako kunabwera njinga yamoto, ndipo alamu anga, akazi a achimwenewo, anayamba kuvala mawigi otentha ngati chisa cha nkhuku. Kwathu mkamwini ndiye amanjuta akaona eni mudzi. Koma ine ndi maso angawa ndinaona achimwene, eni mbumba, atavula chipewa n'kunjuta pafumbi pafupi ndi chitseko cha galimoto, akuti “Zikomo bwana mkamwini.” Munthu wa imvi zake. Ndinachita manyazi ngati wavula ndine.

Nyengo yomanga mabelo itafika, njinga yamoto ija inaima pabenchi langa pa Nathenje. Achimwene anatsika akumwetulira, n'kuika kabokosi pakati pa milu ya tomato. Munali foni yatsopano.

“Ya mwana wakoyo, yachokera kwa akamwini. Akuti apite akakhale kuesiteti, azikathandiza mkulu wake poti ntchito yamuchulukira. Za mayeso, za koleji, zonse alipira okha. Galimoto izimutula kusukulu.”

“Akathandize ntchito yanji, achimwene? Antchito atha paesiteti ponse paja?”

“Iwe vuto lako ndi pakamwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mlongo. Ndipo usaiwale kuti mwini mbumba ndine. Kukufunsaku ndi ulemu chabe.”

Sindinama, mtima unagwedezeka. Chaka chimenecho tomato anachuluka mpaka tinkatayira nkhumba, amuna anga kulibe, ndipo mwanayo anali wanzeru m'kalasi, wofuna unamwino. Ndinadzifunsa kuti kodi si nsanje chabe imene ikundidya? Kodi zogwira chibwano zija si nthabwala za azungu zimene ine wakumudzi sindikuzidziwa? Ndinawauza achimwene kuti ndiganize kaye. Foniyo ndinaibisa pansi pa thumba la anyezi, mwiniwake osamuonetsa.

Sabata isanathe, galimoto ya nkhalamba inaima. Anatsika mwana wa mkulu wanga uja, kuchokera pampando womwe uja wa mayi wa ku Filipinzi, dengu lake lomwe lija lili m'manja. Khosi linali litatalika, mitsempha ikuoneka. Atandipatsa moni, manja ake ananunkha mafuta a mawondo aja, moti ndinachita kudziletsa kuti ndisapukute dzanja langa pachitenje. Anawerama n'kuyamba kusankha anyezi mmodzimmodzi, osandiyang'ana.

“Amayi aang'ono, amalume anabwera?”

“Anabwera.”

“Musamupereke.”

“Bwanji, mwanawe? Akuti watopa, ukufuna wokuthandiza.”

“Kutopa ndatopa. Ndimasambitsa, ndimapukuta, ndimataya zonse zotuluka m'thupi muja. Koma musamupereke.” Anatsitsa mawu. “Tsiku la chinkhoswe lija sanaphonye, amayi. Ndinali nditamuuza kuti ndidzavala nsapato zofiira. Anachita kundigulira yekha nsapatozo m'tauni. Ndili m'nsalu muja ndinkaona pansi. Ndodo yake inaima pamapazi anga, inagogoda nsapato yanga, kenako inapitirira.”

Hutala inalira. Mwanayo anadzidzimuka, anyezi ena n'kugwera pansi, ndipo anathamangira kugalimoto mmene ankathamangira mnzake uja.

Galu wamkota sakandira pachabe. Nkhalamba ija inagwiritsa ntchito mwambo wathu womwe, pamaso pa mudzi wonse, kuti ione katundu wina amene ali m'sitolo, ife tikuiimbira nthungululu. Ndinakhala pansi pabenchipo thupi lonse likunyerenyetsa ngati ndagona pa chitedze.

Sindinadikire kuti kuche. Mwana wanga atangoweruka kusukulu ndinamulongedzera zovala ndi mabuku, benchi n'kumusiyira mnzanga wa kabichi, ndipo tinakwera minibasi mpaka kwa azakhali ake, alongo a malemu bambo ake, cha ku Nkhoma. Mayi ameneyo ndi wouma mutu kuposa ine. Nditamufotokozera anangoti, “Abwere ndi njinga yawoyo, adzaiona.”

M'mawa mwake ndinapita ku Mitundu. Ndinawapeza achimwene akupukuta njinga yamoto ndi kansanza, ngati akusambitsa khanda. Ndinatenga lichero pakhonde, n'kuikamo foni ija, n'kuwaikira kumapazi.

“Tolerani, poti kutolera m'lichero ndiye mumakutha. Mwana wanga sapita. Eni mbumba amaweta mbumba, achimwene, inu mukuigulitsa pamulu ngati tomato wanga. Malata amenewa akamalira ndi mvula muzidziwa kuti akulira ndi mwana wa mlongo wanu.”

Ndinkayembekezera kuti alusa, mwina kundiitanira akuluakulu. Sanatero. Anatola foniyo, n'kuipukuta ndi kansanza komweko, n'kuiika m'thumba la malaya.

“Wakana mwayi, mlongo. Chabwino. Mbumba ndi yaikulu.”

Ndinabwerera ku Nathenje ndikudziona ngati ndapambana. Mwana wanga analemba mayeso ake ali kwa azakhali akewo, ndipo ku Mitundu sanapondekonso. Achimwene anasiya kundilankhula, ngakhale pamaliro ankandidutsa ngati chitsa, koma zimenezo sizinandidwalitse mutu. Mawu awo omaliza aja ndinawatenga ngati a munthu wogonja wofuna kudzipepesa.

Galimoto ija inadzaimanso chimanga chitayamba kumasula. Mwana wa mkulu wanga anatsika ndi dengu lake, ndipo ulendo uno sanandipatse n'komwe dzanja, anangowerama pa anyezi. Kenako chitseko cha kumbuyo chinatseguka. Anatsika mtsikana wamasiye uja, wachitatu pamzere paja, amene nsalu yake palibe anaivundukula tsiku lija. Tsitsi linali lolukidwa kumene, nkhope ili phuliphuli ndi mafuta. Alibe mayi, alibe azakhali a ku Nkhoma. Anandithamangira akusekerera, foni ija ataikweza m'mwamba.

“Amayi, taonani zimene andigulira alamu!”

Ndinayang'ana kumapazi kwake. Anali atavala nsapato zofiira, zomukulira pang'ono.