Nili Bwino, Kaya Inu

Mwana wanga woyamba anabadwa kutatsala miyezi iwiri, ngati kuti wina anamunong'oneza kuti kunja kuno kuli zabwino. Msana unandiyamba ndikukama ng'ombe kwathu ku Palabana. Pofika masana anali atanding'amba pamimba m'chipatala china chachikulu m'tauni, ndipo kamwanako anathamangira nako kuchipinda cha makanda, n'kukakaika m'bokosi lagalasi, timachubu m'mphuno. Ine ndinangoona kaphazi.

Patapita masiku atatu anandiuza nkhani yosangalatsa, akuti ndachira. Sindinkadziwa kuti kuchira kumabwera papepala, mwini wake ukuyendabe chowerama. Bedi langa linkafunidwa ndi wina, choncho anandisamutsira kunyumba ya amayi odikirira ana, kuseri kwa chipatala, kumene tinkagona pamatiresi pansi. Popeza kwathu mwana sitimutcha dzina mchombo usanagwe, ndinakhala amake namba seveni, nambala ya bokosi lake. Ntchito yanga inali imodzi: maola atatu aliwonse kukwera masitepe, kusamba m'manja, kufinyira mkaka m'kakapu kuti amumwetse pachubu. Ine wokulira kukama ng'ombe ndinasanduka ng'ombeyo. Koma ng'ombe zathu zinali ndi mwayi, chifukwa ikangosiya kudya, wa zoweta amafika panjinga tsiku lomwelo.

Ndisaname, ankatiyendera. M'mawa uliwonse nesi ankaima pakhomo ndi kabuku, n'kufunsa kuti muli bwanji amayi. Ife, anthu oleredwa bwino, tinkayankha pamodzi kuti tili bwino, kaya inu. Iye n'kuchonga m'kabuku, ulendo. Iye akufunsa matenda, ife tikuyankha moni. Nanga munthu waulemu wake akakupatsa moni, ungayambe kumuyalira za mafinya? Amayi anga akanandimva akanandikoka khutu.

Abale nawo ankandikonda kwabasi. Mwamuna wanga ankabwera pa minibasi ndi chigubu cha munkoyo, thobwa la kwathu, asanakhale n'komwe funso lili kale pakamwa, mwana ali bwanji, mkaka ukutuluka? Apongozi ankaimba foni tsiku ndi tsiku kundikumbutsa kuti mchombo ukagwa ndisalole manesi autaye, ubwere kunyumba. Ngakhale kachingwe kouma kanali ndi okadera nkhawa.

Matiresi oyandikana ndi anga anali a amake namba folo, mayi wamkulu kwa ine, wogulitsa tomato ku Silverest, kwawo kum'mawa. Pakamwa pawo panalibe chitseko. Ankaseka mkaka wanga wochepa, amvekere wa ku Palabana wathunthu kulephera kudzaza kakapu, ng'ombe zikamva zichita manyazi. Ndinkawada pang'ono, ndipo ankadziwa.

Tsiku lachisanu chilonda changa chinayamba kutentha, kenaka kutuluka madzi onunkha. Ndinachita zanzeru kwambiri, ndinamanga chitenje mwamphamvu n'kukhala chete. Ndinkaopa. Wodi ya amayi odwala inali kunyumba ina, kutali ndi makanda, ndipo akandigoneka kumeneko mkaka ukanafika bwanji kwa mwana? Kamwana kosakwana ndi paketi ya shuga yomwe sikakanadikira kuti amake achire. Ndinasankha kuola ndili chiimire.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri nesi anaima pakhomo, tinamuimbira nyimbo yathu ija, cholembera chinatsika kuti chichonge. Pamenepo amake namba folo anadzuka.

"Basista, uyu anama. Sali bwino. Mugwireni pamutu."

"Nili bwino, imwe," ndinatero ine, mano akugundana.

Nesi anandigwira, n'kumasula chitenje, nkhope yake n'kusintha. Anandifunsa mokalipa chifukwa chake sindinanene, pomwe iye amafunsa tsiku lililonse. Zoona ankafunsa, ndipo zoona ndinkayankha. Aliyense anagwira ntchito yake bwinobwino, ndiye sindidziwa kuti mafinyawo analowera pati.

Pondikweza pampando wamatayala ndinawatukwana amake namba folo pamaso pa anthu. Ndinawatcha kazitape, ndinati mwana wanga akafa ndi njala mlandu ndi wawo. Iwo sanakwiye n'komwe.

"Iwe kama chabe," anatero. "Kapu nizapeleka ine."

Masiku asanu ndi limodzi ndinagona ndi diripi padzanja. Manesi anavomera, n'kulemba namba seveni pakapu, ndipo maola atatu aliwonse amake namba folo ankatulukira pakhomo la wodi, n'kutenga kakapu kovindikira, n'kudutsa bwalo lonse mpaka kumasitepe. Pobwera ankandiuza kuti kamwana kamwa, ndipo kali ndi mkwiyo ngati amake. Masiku omalizira nthabwala zinachepa, ine n'kumati atopa. Ndinkawapatsa moni, iwo n'kuti ali bwino, ine n'kuchonga mumtima.

Tsiku limene ananditulutsa ndinapita molunjika kwa makanda. Wanga anali atachotsedwa kachubu kamodzi, akutambasula timiyendo. Ndinacheukira bokosi la namba folo kuti ndione mnzake, ndipo pambali pake panali patakhala mtsikana amene sindinamuonepo, mayi wa khanda lina. Nesi anandiuza motsitsa mawu kuti namba folo anatisiya masiku atatu apitawo. Amayi akuluakulu a kwawo anabwera n'kukamuika mwakachetechete, monga timachitira ndi khanda losatchedwa dzina, popanda maliro, mayi wake osaloledwa kulira. Mayiyo anawanamiza abalewo kuti chipatala sichinamutulutse, atsala kaye.

Ndinawapeza kunyumba ya odikirira ija akupinda zitenje zawo. Anali atamanga mabere ndi nsalu, koma mkaka unali utalowerera mpaka pabulauzi. Ndinaima pakhomo, pamalo pomwe ankaima nesi.

"Muli bwanji, amama?"

"Nili bwi…"

"Munama," ndinatero.

Anasiya kupinda. Kenaka anakhala pansi pamatiresi, chitenje chili m'manja, n'kuyamba kulira mokweza, kulira kumene anawaletsa kuja. Ndinakhala pambali pawo mosamala chilonda changa. M'nyumba imeneyo ndi yankho loona lokhalo limene ndinamvapo, ndipo panalibe wa kabuku woti achonge.