Dimba la m'ndakatulo lilibe mbuzi

Lachiwiri lapitali, mayi a kunyumba kwanga adapita ku Bwanje kukathandiza mchemwali wawo kumweta mpunga. Potsanzika adandisiyira ntchito imodzi yokha: kuyang'anira kadimba kawo ka mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba, kamene tinkadalira pa ndiwo kufikira mvula itagwa.

"Bambo a Tadala, mbuzi azitayirira kale. Mpandawo musaukhudze."

Ndidavomera molimba mtima. Kodi munthu amene waphunzitsa ndakatulo kusekondale kuno ku Mua zaka zonsezi angalephere kusamala masamba?

Tsono sabata imeneyo ndinkaphunzitsa za munda monga fanizo m'zolembalemba: mtima ndi munda, chikondi ndi duwa, nsanje ndi namsongole. Ndidaganiza zolembera ophunzira ndakatulo yachitsanzo, ndikuyang'ana dimba lenileni pazenera. Koma mpanda wabango unkanditchinga. Nditasinkhasinkha mbali zonse, monga mwa chizolowezi changa, ndidamasula chigawo chimodzi n'kuchitsamiritsa kumtengo wa papaya, kwa kanthawi chabe.

Ndime yoyamba idatuluka bwino. Yachiwiri idavuta, ndipo ndidaweramira pepala kufunafuna mawu oyenera kufotokozera kubiriwira kwa mpiru. Nditawapeza ndidadzutsa mutu, koma kubiriwirako kudali kutalowa m'mimba mwa mbuzi za aneba. Mapanga awiri avumbwitsa.

Kukadandaula sikukadatheka. Kwathu kuno anthu akakolola, ziweto zimayenda mwaufulu, ndipo mlandu umakhala wa mwini dimba amene walekerera mpanda.

Mayi atabwerako n'kumva za ndakatulo ija, adayang'ana zitsa za mpiru zija nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, tabweretsani ndakatuloyo tiyithire nsinjiro."

Ine, posazindikira kukula kwa mlandu, ndidawawerengera yonse, mokweza. Adamvetsera mpaka kumapeto.

"Yokoma ndithu. Nanga mbuzi zili ndime iti?"

Funso limenelo likundisowetsa mtendere. Taganizani, awerengi, za minda imene timaikonda m'ndakatulo ndi m'nyimbo zaukwati. Maluwa ake amangophuka okha. Mulibe nsabwe za m'masamba, mulibe chitsime chouma mu Okutobala, mulibe msana wopweteka. Chifukwa chake sichovuta kuchipeza: kawirikawiri woimba za munda ndi wina, wothirira ndi winanso. Zotsatira zake n'zakuti ana athu amaphunzira kusirira dimba, osati kulitchinga.

Andale nawo adalitola fanizoli. Nyengo ya kampeni ikafika, pabwalo la ku Mtakataka timamva kuti dera lino lidzasanduka munda wa maluwa. Timaomba m'manja, ine ndemwe patsogolo.

Pakadali pano ndikugwira chilango. M'mawa uliwonse, ndisanavale tayi, ndimatunga madzi kumjigo ndi kheni kuthirira nazale yatsopano, ophunzira anga akudutsa n'kumandipatsa moni mwaulemu wokayikitsa. Mpiruwo ukachedwa, ndiwo zathu zikhala nyemba zokhazokha.

Tsono inu, wina akadzakulonjezani munda wa maluwa, mudzakumbukira kumufunsa kuti adzanyamula kheni ndani?