Alonda a M'muzu wa Anyezi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kukwaya. Mayi wina amene tinkaimba naye ku Mchengautuwa anandinong'oneza kuti pasukulu ina ya sekondale akufuna munthu wotsuka mabotolo mu labotale. Ndinapita ndikudziwa kuti yanga ndi sopo ndi madzi basi. Mwezi usanathe, a Gondwe, mphunzitsi wa sayansi, anali atandigwiritsa lezala ndi anyezi.

Anyeziyo tinkamukhazika pakamwa pa botolo la jamu lodzaza madzi mpaka atulutse mizu. Ndinkadula kansonga ka muzu, kukafewetsa mu asidi wofunda, kudonthezera utoto wofiira, kenako kukatswanya ndi chala chachikulu pakati pa timagalasi tiwiri. Pa maikulosikopu maselo ankaoneka ngati njerwa. Ena unkawapeza akugawikana, timaulusi tawo titakokedwa uku ndi uku, koma ambiri ali phee. Zimenezi zinkandisowetsa mtendere. Bwanji osangogawikana onse?

"Selo siligawikana mwachisawawa, NyaMhango," anandiuza a Gondwe. "Muli alonda mmenemo. Amalifunsa kuti, wakula mokwanira? Ulusi wako wakopedwa bwino? Ngati ayi, dikira pomwepo."

Tsoka lake, m'kalasi anathira kamchere. Anati alondawo ali ngati anyamata a chipani oima pageti la msika: wopanda khadi salowa. Ana anafa nacho chiseko. Ine sindinaseke, poti masiku amenewo munthu ankasowa chifukwa cha nthabwala yochepa kuposa imeneyo.

Sabata yomweyo kunabwera amuna awiri ovala majekete, wina wa imvi, wina wachinyamata.

"Aphunzitsi," anatero wa imviyo, "tamva kuti mukuphunzitsa ana kuseka chipani."

Ndinayang'ana a Gondwe. Kwawo ku Ching'ambo anali ndi ana ang'onoang'ono ndi mkazi woyembekezera.

"Yayi, bwana, ndimafotokoza za maselo. NyaMhango, aonetseni alendo."

Kagalasi koyamba ndinakaswa. Kachiwiri kanatheka. Wa imvi uja anawerama, n'kutsinzina diso limodzi, a Gondwe akufotokoza za alonda aja.

"Nanga alondawo akagona?" anafunsa bamboyo.

"Maselo amangogawikana osaleka, bwana. Pamatuluka chotupa. Khansa ndi imeneyo."

Wachinyamatayo anagwedeza mutu mokhutira. "Ndiye kuti alonda ndi ofunika. Tiyeni, nkhani palibe apa."

Koma wa imviyo sanaweramuke. Anafunsa diso lili pagalasi pomwepo, mawu atatsika.

"Chotupa cha pakhosi, cholimba, chosapweteka, koma chikungokula. N'chimenechi?"

"Sindine dokotala, bwana. Ali nacho ndani?"

"Mwana wanga wamkazi. Tamutemera mphini, sizikusintha."

"Mupite naye kuchipatala mawa lomwe. Musadikire."

Bamboyo anaweramuka, maso ali jenkha. "Yewo chomene, asambizgi," anathokoza aphunzitsiwo m'Chitumbuka, n'kutuluka, mnzake akumutsatira. A Gondwe anangokhala pansi pasimenti, taye ili pambali. Amuna aja sanawatenge, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Ndakalambira m'malabotale, ndipo chimene ndinatola tsiku lija n'chakuti munthu akawerama pa maikulosikopu usamufulumize, ngakhale atabwera kudzakumanga. Funso lake lenileni limatuluka mochedwa. Za mtsikanayo sindinamvenso, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti sitinafunse n'dzina lake lomwe.