Kanthenga Kamene Kanakana Kunyamuka

Ndikukumbukira ndili mu giredi 5 pasukulu ina ya kufupi ndi Chalimbana. Aphunzitsi athu a sayansi, a Tembo, anakwecha chipeso cha pulasitiki m'tsitsi lawo n'kuchiyandikiza ku kanthenga ka nkhuku patebulo. Kanthengako kanadumpha n'kumamatira ku chipeso. Anati chipeso chikakwechedwa chimakhala ndi mphamvu ya magetsi yokokera m'mwamba, pomwe dziko limakokera pansi, ndipo mphamvu ziwirizi zikalingana ndendende, kanthenga kayenera kuima m'malere. Amene akanasonyeza zimenezi Lachisanu ndiye akanatenga mpando umodzi wotsala mu minibasi yopita ku Lusaka kukaona zionetsero za sayansi. Ine ku Lusaka ndinali ndisanapondeko.

Sabata yonse ndinavutika nako kuseri kwa khola. Ndikatsitsa chipeso pang'ono, kanthenga kankalumphira. Ndikakweza pang'ono, kankangogona ngati sikakundidziwa. M'mutu munayamba kuwawa ndi kukwecha. Lachinayi kanaima pakati, nthawi yongokwana kuphethira kamodzi. Ndinakuwa mpaka nkhuku kubalalika.

Lachisanu m'mawa amayi anandikhazika pampando.

"Sungaimilile pasogolo pa ba ticha na mutu wotuwa so," anatero. "Bazakamba ati ulibe amako."

Anandipaka mafuta odzola mpaka tsitsi kunyezimira. Inenso ndinakondwa.

M'kalasi ndinakwecha, ndinakwechanso, kanthenga osagwedezeka n'komwe. Mtsikana wina kumbuyo, ngati mmene timanenera magetsi akazima, anati, "Malaiti yayenda!" Kalasi yonse inafa ndi chiseko. A Tembo anagwira chipeso, n'kuyang'ana zala zawo.

"Iwe Misozi, wazola cani? Mafuta na magesi aya sivimvelana."

Mpando uja anautenga Dalitso, wa mutu wotuwa ngati phulusa, ngakhale kanthenga kake kanangomamatira basi. Kunyumba ndinakhala masiku awiri osalankhula ndi amayi. Iwo ankangodabwa kuti alakwa chiyani.

Masamu ake a zinthu zimenezi sindinawafike, sukulu ndinalekezera giredi 7, ndipo zimandiwawabe ndikaganiza kuti Lachinayi lija panalibe wondiona. Koma amayi ndinawakhululukira kalekale, chifukwa dzanja langa nalonso limathamangira botolo la mafuta mwana wanga akamavala yunifolomu. Kungoti ine ndisanatsegule ndimayamba ndafunsa kuti, "Lelo kusukulu mucita cani?"